Uvuni upite, koma mtundu wa katondo utsale

Funsani munthu aliyense pamsika wa Migowi kuti njerwa yopsa bwino ndi ya mtundu wanji, akuyankhani mosazengereza kuti ndi yofiira. Kenaka muonetseni tomato wakupsa, mumufunse ngati kufiira kwake n'kumodzimodzi ndi kwa njerwayo. Apa ndiye ayamba kukanda m'mutu. Wina ati ndi yofiirira, wachinyamata ati ndi bulawuni, wina ati ndi olenji woderako. Onsewa sakunama, koma palibe amene walasa penipeni.

Mtundu umenewu uli pakatikati. Watengako kufiira kwa moto, chikasu cha dzuwa likamalowa ndi kudera kwa nthaka. Ndiwo mtundu wa katondo akanyowa ndi mvula yoyamba, wa mtsuko wongochoka kumene pamoto, wa mlamba wowamba wa ku Chilwa komanso wa waya wa mkuwa mukausenda. Amene adagwirako timakobidi ta 1 tambala ndi 2 tambala tija, tomwe tidabwera pamodzi ndi kwacha mu 1971, akuudziwa bwino. Chichewa chathu chili ndi psuu, mbee ndi bii, koma mtundu uwu chidausiya kuti tiziutchula pofanizira ndi zinthu. Tiyeni m'nkhani ino tingoutcha mtundu wa katondo.

Ndikulemba za mtunduwu chifukwa ukusowa pang'onopang'ono m'misika ndi m'midzi ya boma la Phalombe, ndipo zifukwa zake zilipo ziwiri. Choyamba n'chomveka: dziko likusiya kuotcha njerwa ndi nkhuni pofuna kupulumutsa mitengo. Chachiwiri n'chomvetsa chisoni: ambiri a ife timachita nawo manyazi, timauona ngati chizindikiro cha nyumba yosatha ndi umphawi. Maganizo anga ndi akuti uvuni wodya nkhalango uyenera kupita ndithu, koma tikalola kuti upite pamodzi ndi mtundu wa katondo tikhala titataya chinthu chokongola, chotchipa komanso chogwirizana ndi dera lathu kuposa penti aliyense wa m'chitini.

Gwero lake ndi dzimbiri

Katondo amafiira chifukwa muli chitsulo. Chitsulocho chikakumana ndi mpweya ndi chinyontho kwa zaka zambirimbiri chimachita dzimbiri, monga momwe khasu loiwalidwa pamunda limachitira. Dzimbiri limeneli ndi lomwe limapaka nthaka ya m'mphepete mwa mapiri a Michesi ndi Mulanje. Kumadambo otsikira ku nyanja ya Chilwa, komwe madzi amakhalitsa ndipo mpweya sulowa bwino m'nthaka, dothi lake ndi lakuda, makande aja amene amang'ambika m'chilimwe.

Chodabwitsa n'chakuti ngakhale dothi lotuwa kapena loderapo limasanduka lofiirira likapsa. Moto ukafika madigiri 900 kapena kupitirira apo, ndipo mpweya ukulowa mokwanira, chitsulo chobisika m'dothimo chimaonekera poyera. N'chifukwa chake woumba njerwa wodziwa ntchito amawerenga uvuni wake ndi maso. Njerwa yotuwa ngati mnofu wa dzungu losakhwima sidapse, ndipo imafumbutuka m'manja. Yakuda ndi yopindika idayandikira moto kwambiri. Yabwino ndi yapakatiyo, yomwe mukaigunditsa ndi inzake imalira kuti ngwee. Amayi oumba miphika nawonso amadziwa kuti mawanga akuda pamphika ndi pamene nkhuni kapena utsi zidatsekereza mpweya.

Choncho mtundu uwu uli ndi uthenga. Pa njerwa ndi pamphika, umatiuza kuti chinthucho chapsa, chakhwima, chikhoza kudaliridwa.

Ulinso ndi khalidwe lina limene mitundu yambiri ilibe: susuluka. Penti wobiriwira kapena wabuluu pakhoma loyang'ana kudzuwa amayamba kutuwa pakangopita zaka zochepa. Ngakhale mkuwa weniweniwo umasintha. Chifanizo chotchuka cha Statue of Liberty ku New York chidaimikidwa mu 1886 chili chofiirira ngati tambala yathu ija, koma mphepo ndi mvula zidachisandutsa chobiriwira. Katondo ndiye sasintha, chifukwa dzimbiri silingachitenso dzimbiri. Dzuwa la Okutobala lilibe chomulanda.

Makolo sadachite nawo manyazi

Anthu adayamba kalekale kukonda mtundu umenewu. M'phanga la Blombos ku South Africa, akatswiri ofukula zakale adapeza zigoba za m'nyanja momwe anthu ankasakaniziramo dothi lofiira zaka pafupifupi 100,000 zapitazo. Kuno kwathu, m'mapanga a ku Chongoni m'boma la Dedza, muli zojambula zofiira zomwe zimanenedwa kuti adajambula ndi Akafula, anthu amene adakhala m'dziko muno Achewa asadafike. Bungwe la UNESCO lidaika malowa m'gulu la chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. Utoto wa m'mapangawo udakalipo mpaka lero, pamene zikwangwani zolembedwa chaka chatha m'misewu yathu zafufutika kale.

Nyumba zimene timanyadira m'mbiri ya dziko lino zambiri ndi za mtundu womwewu. Tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre chidamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi mbusa David Clement Scott, ndipo njerwa zake adaumba ndi kuotcha ndi anthu akuda pamalo pomwepo. Alendo amachijambula tsiku ndi tsiku, ndipo chimene chimawakopa ndi njerwazo. Naye John Chilembwe atafuna kuonetsa kuti munthu wakuda akhoza kuima payekha, adamanga tchalitchi chachikulu cha njerwa ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu. Atsamunda adachiphulitsa mu 1915 pambuyo pa kuukira kuja. Njerwa yofiira panthawiyo idali chizindikiro cha ulemu ndi kudzidalira, moti idawaopsa.

Anzathu a ku Zambia adauika mtunduwu pambendera yawo mu 1964, kuimira chuma cha m'nthaka, makamaka mkuwa. Ku Italy, amisiri ojambula zithunzi adatenga dothi la kufupi ndi mzinda wa Siena, n'kumaliotcha kuti lifiirire, ndipo mpaka lero utoto umenewo umagulitsidwa padziko lonse ndi dzina la mzindawo. Tangoganizani, dothi wamba kutchukitsa mzinda!

Chitsanzo chaposachedwa chikuchokera ku Burkina Faso. Diébédo Francis Kéré, mwana wa m'mudzi wa Gando, ataphunzira za mapulani a nyumba ku Germany adabwerera kwawo n'kumanga sukulu ya pulayimale yomwe idatha mu 2001. Adagwiritsa ntchito dothi la m'mudzimo, losakaniza ndi simenti pang'ono, lopanikizidwa popanda kuotcha, ndipo makoma adawasiya ndi mtundu wa dothilo. Mu 2022 adalandira mphotho ya Pritzker, yomwe ndi yapamwamba kwambiri pa ntchito ya mapulani a nyumba, ndipo adali munthu woyamba wa mu Africa kuilandira. Dothi limene ife timalibisa ndi pulasitala, mnzathu lidamutengera pamwamba.

Nanga manyaziwa adachokera kuti?

M'midzi mwathu muli makwerero a ulemu amene aliyense amawadziwa ngakhale sadalembedwe paliponse. Pansi pali nyumba ya zidina yofolera ndi udzu. Pamwamba pake pali ya njerwa zootcha ndi malata. Pamwamba penipeni pali ya pulasitala ndi penti. Mnyamata akabwera kuchokera ku Joni kapena akagulitsa bwino nandolo, amafuna mudzi wonse uone kuti wakwera, ndipo njira yachidule ndi kuphimba njerwa ndi simenti n'kupaka pinki kapena buluu wowala.

Palibe cholakwa kufuna nyumba yooneka bwino. Vuto ndi lakuti kawirikawiri ndalama imene ikadalimbitsa maziko, kapena kugula simenti yomangira njerwa m'malo mwa matope, imathera pankhope ya nyumba. Akulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Zilipo nyumba zowala kumaso koma zomangidwa ndi matope, zopanda khonde, zomwe mvula yamphamvu ikawomba khoma kwa masiku atatu zimagwada.

M'misika ndiye nkhani ndi ina. Kuyambira pa boma mpaka ku Chiringa, makoma ambiri a magolosale adasanduka zikwangwani za makampani a mafoni, sopo ndi zakumwa. Mwini golosale sitingamudzudzule, poti penti waulere sakanidwa. Koma zotsatira zake ndi zoti msika wa ku Phalombe sukusiyananso ndi wa ku Mchinji kapena ku Karonga. Mlendo wotsika basi saona chilichonse chomuuza kuti wafika kunsi kwa Michesi.

Ubwino wake pa nyumba

Tiyeni tsopano tione zimene mtundu wa katondo umachita ukakhala pamalo oyenera.

Choyamba, umagwirizana ndi fumbi ndi matope athu. Aliyense amene adapakapo laimu khoma lonse mpaka pansi amadziwa zimene mvula yoyamba imachita. Madontho ogwa kuchokera kudenga amathovukira kukhoma, ndipo pofika Januwale nyumba yoyera ija imakhala itavala siketi yamatope. Amayi a kumudzi adaithetsa kale nkhaniyi. Pozira nyumba amaika mtsiro woderapo kapena wofiirira m'munsi mwa khoma, woyera n'kukhala m'mwamba. Nzeru yomweyi igwira ntchito pa nyumba ya simenti: kuchokera pansi kufika m'chiuno pakani mtundu wa katondo, kumtundako kuyere. Nyumba imaoneka yaukhondo chaka chonse, ndipo ana akatsamira khoma ndi manja awo afumbi palibe wokalipa.

Chachiwiri, ndi mtundu wofunda m'maso. Kufiira kwa magazi kumadzidzimutsa, n'chifukwa chake amakuika pazikwangwani zochenjeza. Kufiirira kwa katondo kumaitana munthu kuti akhale pansi. Kumakumbutsa moto wa madzulo, chakudya chakupsa ndi pakhonde pa agogo. Malo odyera, malo ogona alendo ndi mabwalo a misonkhano amapindula nawo kwambiri.

Chachitatu, sukangana ndi mitundu inzake. Pafupi ndi zoyera umaoneka waudongo, monga mafelemu oyera a mawindo pakhoma la njerwa. Pafupi ndi zobiriwira umaoneka wamoyo, ndipo umboni wake ndi nyumba ya njerwa pakati pa nthochi ndi mango m'nyengo ya dzinja. Mnzake weniweni ndi buluu. Chitseko chabuluu pakhoma la katondo chimaoneka patali, ndipo phiri la Mulanje likakhala kumbuyo ndi kubiriwira kwake kotuwira kuja, chithunzicho chimakwana. Chokhacho choyenera kupewa ndi kuuphatikiza ndi pinki kapena kufiira kowala, chifukwa pamenepo mitundu iwiriyi imalimbirana diso.

Koma tinene chilungamo, mtunduwu uli ndi malire ake. M'chipinda cha windo laling'ono, makoma anayi a katondo amabweretsa mdima masana. M'kalasi, momwe mwana ayenera kuona bolodi ndi kope, ndiponso m'chipatala, momwe dothi liyenera kuonekera msanga kuti lichotsedwe, m'kati muyenera kuyera. M'nyumba yogona ndi bwino kuuika pakhoma limodzi lokha, kapena pansi. Akuluakulu akukumbukira pansi pofiira pa nyumba za aphunzitsi ndi za kumishoni, pomwe ankasakaniza ufa wofiira m'simenti, ana n'kumapukuta ndi Cobra Loweruka lililonse mpaka kumadziona nkhope. Pansi potero pamatha zaka makumi angapo osafuna matailosi.

Padenga napo tisamale. Chigwa cha Phalombe chimatentha, ndipo mtundu woderapo umamwa kutentha kwa dzuwa kuposa wowala. Malata ofiirira amakongola, koma popanda siling'i chipinda chimasanduka uvuni mu Novembala. Wofuna kuzizira asankhe denga lowala, katondo atsale kumakoma otetezedwa ndi khonde lotambalala.

Mtunduwu sukuthera pa nyumba pokha. Mitsuko ndi miphika ya amayi athu, mipando ya mbawa, madengu ndi mphasa zodetsedwa ndi utsi, zonsezi ndi za banja limodzi. Magulu a alimi amene akulongedza mpunga, nandolo kapena mafuta a mpendadzuwa amavutika kupeza maonekedwe osiyanitsa katundu wawo ndi wochokera kunja. Pepala la mtundu wa katondo lokhala ndi zilembo zoyera ndi chithunzi cha phiri lingauze wogula wa ku Limbe, asadawerenge n'komwe, kuti ichi chachokera m'nthaka ya kwathu.

Mtengo wake wakhala mitengo

Apa ndi pamene nkhani ikuwawa. Njerwa yofiira imene ndikuitamayi takhala tikuigula ndi nkhalango. Uvuni sufuna tinthambi, umafuna zipika zikuluzikulu za mitengo yachilengedwe yoyaka usiku wonse. Kumene mitengo yotere idatha, anthu ayamba kugwetsa mango amene adabzala agogo awo. Boma la Phalombe, lomwe lidapatuka ku Mulanje mu 1998, lidapezeka ndi anthu oposa 400,000 pa kalembera wa 2018, ndipo banja lililonse latsopano limalota nyumba ya njerwa. Masamu ake ndi osavuta: mitengo singakwane.

Anthu a ku Phalombe safunika kuuzidwa zimene phiri limachita likakwiya. Mu Malichi 1991 napolo adatsika m'phiri la Michesi ndi miyala ikuluikulu ngati nyumba, n'kupha anthu mazanamazana. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adabwereza zomwezo m'maboma a kummwera. Anthu oposa 1,000 adafa kapena kusowa m'dziko muno, oposa 600,000 adasowa pokhala, ndipo madera ngati Nkhulambe adadukiratu osafikika. Madzi amene adakokolola midziyo adali a mtundu womwewu wa katondo. Idali nthaka yathu ikupita.

Tisanamizane kuti mitengo payokha ikadaletsa zonsezi. Mvula yoopsa chotere ikagwa pamalo otsetsereka, phiri limatha kugumuka ngakhale lili ndi nkhalango. Koma phiri lometedwa limagumuka msanga, madzi ake amathamanga kwambiri, ndipo mitsinje yodzaza mchenga imasefukira ndi mvula yochepa. Choncho boma silidalakwe pamene mu 2018, kudzera ku bungwe la National Construction Industry Council, lidakhazikitsa malamulo oletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomangamanga za boma ndi zina zikuluzikulu. Munthu wokonda mtundu wa njerwa kuposa miyoyo ya anthu ndiye kuti mutu wake sukuyenda bwino.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi chomwe chalowa m'malo mwake. Pafupifupi paliponse yankho lakhala buloko ya simenti, yotuwa ngati phulusa. Sukulu zatsopano, mipanda, magolosale, zonse phulusa lokhalokha. Buloko yotere imafuna simenti yambiri, yomwe mtengo wake umakwera kwacha ikangogwa. Imafunanso mchenga, womwe ukukumbidwa m'mitsinje yomwe ija tikuti tikuiteteza. Ikatha kumangidwa imafuna pulasitala ndi penti kuti ioneke ngati nyumba ya anthu, ndipo pentiyo amafuna kubwereza. Tathawa vuto limodzi n'kukumbatira ena atatu.

Katondo popanda moto

Njira yosunga mtunduwu popanda kugwetsa mtengo ilipo, ndipo si yachilendo m'dziko muno. Ndi njerwa za dothi zopanikiza ndi makina, zomwe amisiri amazitcha ma SSB. Amasefa dothi, kuthiramo simenti pang'ono, kunyowetsa, kenaka n'kupanikiza m'chikombole chachitsulo chokhala ndi mkono wautali wokoka ndi manja. Njerwazo amaziika pamthunzi n'kumazithirira madzi kwa masabata angapo mpaka zitalimba. Palibe nkhuni, palibe utsi. Zimatuluka zosalala, zofanana msinkhu, moti khoma lake silifuna pulasitala, ndipo mtundu wake ndi wa dothi la pamalopo. Ndi njira yomwe ija idamutchukitsa Kéré ku Gando.

Njirayi ili ndi malamulo ake. Makande sachita bwino chifukwa amafufuma akanyowa n'kung'ambika akauma, choncho anthu a kumadambo ayenera kusakaniza ndi mchenga kapena kutenga dothi kumtunda. Dothi liyenera kuyesedwa kaye. Maziko akhale a miyala kapena konkire, okwera bwino, ndipo denga litulukire kunja kuti mvula isamenye khoma. Mmisiri akaba simenti, njerwa zimasungunuka, anthu n'kumati njirayo ndi yachabe pamene wachabe ndi mmisiriyo.

Palinso njira yootcha njerwa popanda nkhuni. M'dera la Mwanza ku Tanzania anthu akhala akuotcha njerwa ndi mankhusu a mpunga ndi zotsalira za thonje. Kuno mankhusu amangotayidwa kapena kutenthedwa kuseri kwa zigayo, chonsecho mpunga umalimidwa kwambiri m'madambo a Chilwa. Woumba njerwa ndi mwini chigayo akadakhala pansi, onse awiri akadapindula.

Ndipo tisaiwale njira ya amayi athu, yomwe ndi yakale kuposa zonsezi. Kuzira ndi luso. Mayi wodziwa amayenda mtunda kukafuna mtsiro wofiira, woyera ndi wakuda, n'kujambula mizere ndi maluwa pakhoma popanda kugula kanthu. Ngakhale amene amanga ndi mabuloko a simenti akhoza kusakaniza dothi losefa bwino kapena ufa wofiira uja mu laimu kapena mu pulasitala womaliza, khoma n'kutenga mtundu wosafuna kubwereza chaka ndi chaka.

Mawu a otsutsa

Ena anena kuti anthu amene adataya nyumba, ziweto ndi abale alibe nthawi yokambirana za mitundu, chimene akufuna ndi denga. N'zoona, ndipo mtundu wa khoma sudaletsepo napolo. Chofunika koposa ndi malo omangapo: kutali ndi njira za madzi, kutali ndi kunsi kwa zigumukire. Koma nyumba iliyonse yomangidwa imakhala ndi mtundu, kaya tasankha kaya sitidasankhe. Ngati njerwa ya dothi lathu ili yolimba mokwanira, yodya simenti yochepa, yozizira m'kati masana, ndiponso yopereka ganyu kwa anyamata a m'mudzi momwemo m'malo molemeretsa ogulitsa simenti okha, ndiye kuti kukongola kwake ndi phindu longowonjezera. Komanso munthu amene wataya zonse amafunika malo oti awatche kwawo. Mzere wa nyumba zotuwa zofanana ngati kampu suchiritsa mtima msanga.

Ena ati makina opanikizira njerwa ndi okwera mtengo. Kwa munthu mmodzi, inde. Koma mutu umodzi susenza denga. Gulu la banki m'khonde, mpingo, kapena komiti ya chitukuko cha m'mudzi ikhoza kugula amodzi n'kumabwereketsa, monga momwe anthu amachitira ndi ngolo. Oumba njerwa a lero, amene akuopa kuti malamulo awalanda chakudya pakamwa, ndiwo ayenera kukhala oyamba kuphunzitsidwa. Dothi amalidziwa kale kuposa wina aliyense.

Enanso ati munthu ali ndi ufulu wopaka nyumba yake mtundu umene akufuna. Palibe akukana. Wokonda pinki apake pinki. Pempho langa ndi lakuti kusankhako kuchokere m'kukonda, kusachokere m'mantha oti anthu anena kuti ndalama zidamuthera panjira.

Ayambe ndani?

Anthu amatengera zimene akuona pa nyumba zolemekezeka. Malinga ngati ofesi ya boma, sukulu ndi tchalitchi zili zotuwa kapena zopakidwa penti wochokera kunja, wakumudzi apitiriza kukhulupirira kuti chitukuko ndi kubisa dothi. Khonsolo ya Phalombe ikamavomereza mapulani a misika, midadada ya sukulu ndi nyumba za aphunzitsi, ili ndi mpata wofunsa kuti: bwanji osamanga ndi njerwa zopanikiza, kunja n'kusiya osapaka? Mabungwe omanga nyumba za anthu okhudzidwa ndi ngozi afunse eni nyumbazo, makamaka amayi, za maonekedwe amene akufuna. Sukulu zophunzitsa ntchito zamanja ziphunzitse anyamata ndi atsikana kumanga khoma la njerwa zoonekera, la mizere yowongoka, chifukwa pulasitala wakhala chobisalira cha amisiri aulesi.

Mafumu athu, a Mkhumba, a Nazombe, a Kaduya, a Jenala, a Chiwalo ndi a Nkhulambe, ali ndi mawu amene anthu amawamvera. Pamene akuletsa kudula mitengo m'phiri, auzenso anthu awo chochita m'malo mwake, poti kuletsa kopanda njira ina kumangobala akuba a usiku. Nawo a Mulhako wa Alhomwe, amene amasonkhanitsa anthu chaka ndi chaka kwa Chonde ku Mulanje, akumbukire kuti chikhalidwe sichithera pa tchopa ndi kalongonda. Kamangidwe, kaumbidwe ka mbiya ndi kaziridwe ka nyumba ndi chikhalidwenso. Mpikisano wa nyumba yozira bwino m'dera la mfumu iliyonse sungadye ndalama zambiri, koma ungabwezere ulemu ku luso limene atsikana a lero ayamba kuliseka.

Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Simenti timagula, penti timagula, ndipo mitengo yake imakonzedwa kutali ndi anthu osatidziwa. Katondo yekha ndiye tili naye pakhomo, waulere, wosasuluka. Chaka chilichonse mvula imamukokolola kupita naye ku Chilwa ife tikuonerera. Kuli bwino timuike pakhoma, mitengo itsale m'phiri kuti igwire wotsalayo.